Diso la Kapitawo

"Ndine ng'ombe ine? Yankhani, a Manasseh. Kwathu munakatenga mkazi kapena ng'ombe yokama?"

Mlamu wanga Dainess ankalankhula atakhala pakhomo pa khitchini, mwana ali pabele. Mlongo wanga Manasseh, mwamuna wake, anali chiimile patsogolo pake ndi kapu yachitsulo m'manja, akuitembenuzatembenuza ngati ikumuotcha.

"Tsitsa mawu, NyaLungu. Adada akumva."

"Amve! Si iwowo akutumani?"

Adada anamvadi. Anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, atatifulatila, maso ali kukhola. Kwathu kuno kwa Kapichila bambo salankhula maso ndi maso ndi mkamwana, mkazi wa mwana wake, ndiye mawu awo ankadzela mwa ife ana. Mawu a tsikulo anali akuti Dainess afinye mkaka wa m'mawele theka la kapu m'mawa ndi theka madzulo, kuti azithila m'diso la Kapitawo.

Kapitawo inali nkhosa yawo yamphongo, ya mchila wolemela mafuta, yotsogolela zinzake khumi ndi ziwili. Ng'ombe zinayi zomaliza zinapita kwa a Lungu polowola Dainess, ndipo kuyambila pamenepo mtima wa adada unasamukila kukhola la nkhosa. Tsono diso lakumanzele la Kapitawo linali litatupa ngati dzila la nkhuku, misozi ili chuchuchu, manthongo atauma patsaya, ntchentche zosachokapo. Adada anayesa kutafuna mchele n'kulavulila m'disomo. Anayesa fodya wa mphuno. Nkhosa inkangodzigunditsa kumitengo ya khola, diso n'kumatupila. Kenaka mnzawo wina anawanong'oneza kuti mankhwala ake ndi mkaka wa mayi amene mwana wake woyamba ndi wamwamuna. Pakhomo pathu mayi wotele anali mmodzi yekha.

"Alamu, taonani," Dainess anatembenukila kwa ine, akundionetsa kamwendo ka mwana. "Danwell ali ndi miyezi isanu. Ine ndikudya kamodzi patsiku. Mkakawo ndi uti woti ndigawile nkhosa?"

Sankanama. Chinali chaka cha 1992, chija mvula inadula chimanga chisanamasule. Mu Seputembala tonse tinkadalila chimanga chachikasu cholandila, ndipo chinkabwela pomwe chafunila.

Adada anakhosomola. Anandiitana osacheuka.

"Tryphena."

"Adada."

"Umuuze mkamwana kuti ng'ombe zanga zikudya msipu kwawo. Ine sindinapemphe ng'ombe. Ndapempha theka la kapu."

Ndinene zoona, amene anamugonjetsa Dainess ndi ineyo. Ndinamulowetsa m'khitchini, ndinamunyengelela. Ndinati, "Masiku atatu okha, alamu. Adada mukuwadziwa, akagwila chinthu sataya. Diso likaphwa, nkhani yatha." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuchotsa mwana pabele, mwanayo akadali kuyamwa. Danwell anakuwa mpaka kuuma kukhosi. Ine ndinagwilila kapu, ndipo mkakawo unkagwa m'chitsulomo pang'onopang'ono, wopyapyala, wonga madzi otsukila mpunga.

Adada ankalandila kapu ndi manja awo ndipo ankathila okha, kuopa kuti tingawapusitse. Manasseh ankakhalila nkhosa pamsana, ine n'kugwila mutu. Masiku atatu aja anatha diso lili chimodzimodzi.

Lachinayi adada ndi Manasseh anapita kusukulu kukalandila chimanga. Atangozimilila, Dainess anateleka madzi, anaponyamo mchele wotsina ndi zala, anawilitsa, n'kuwasiya kuti azilale.

"Alamu, tiyeni mukandigwilile nkhosa ija."

"Mukufuna mutani nayo?"

"Ndikufuna ndione chimene chikudya mkaka wa mwana wanga. Kwathu ndinakula ndi mbuzi. Diso limodzi silitupa chabe, muli chinthu mmenemo."

Tinaigwetsa pansi, ine n'kuikhalila pakhosi. Dainess anaviika kansalu koyela m'madzi aja, anafewetsa manthongo, anatsuka mpaka chikope chinatseguka. Mkati munali psuu. Anapinda chikope chapansi ndi chala, anasuzumila pakona, ndipo ndinangomva, "Ehe! Si ichi?" Anapota nsonga ya kansalu, anakokela pang'onopang'ono, n'kutulutsa kamunga ka udzu wouma, kotalika ngati chikhadabo, katabisala kunsi kwa kachikopa kam'kona mwa diso. Anatsukanso bwinobwino, ndipo tinaimangilila pamthunzi kuseli kwa nkhokwe komwe kunalibe fumbi.

Mmene ndinakondwela ine! Kamunga kaja ndinakasunga pakona pa chitenje. Adada atabwela ndinagwada, ndinakaika pachikhatho, ndinawafotokozela zonse.

Anakayang'ana, kenaka anangokauzila, fuu, kanauluka.

"Mkaka ndiwo wakafewetsa kuti katuluke. Ukuganiza kuti madzi a mchele ndi achilendo kwa ine? Mchele sindinayese ine? Pitilizani."

Pofika Loweluka diso linali litaphwa. Lamulungu Kapitawo ankaphethila ngati sanadwalepo, ndipo adada, amene anali mkulu wa mpingo, anaima pabwalo la tchalitchi mapemphelo atatha n'kumauza aliyense wowapatsa moni. "Kwa a Solomon Zimba kuli mankhwala," anthu anayamba kutelo, kutchula adada ndi dzina lawo. Luso la Dainess ndilo linamupachika, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinathandiza nawo.

Sabata yotsatila nkhosa zina zinayi zinayamba kutsinzina. N'zosadabwitsa: msipu unali utatha, nkhosa zinkalowetsa mitu m'ziputu za udzu wouma ndi m'minga kufuna kobiliwila, ndipo ntchentche zinkachoka padiso ili kupita padiso ilo. Theka la kapu linasanduka kapu yodzaza. Kenaka kunabwela a Mtonga ndi mbuzi. Mawa lake kunabwela munthu wa mudzi wina, kamwana ka ng'ombe ali nako pangolo. Ankafika ndi ulemu wonse, "Monile, adada," chipewa m'manja, wina nkhuku m'khwapa. Adada sankabweza munthu. Ankangoti, "Tryphena, kapu."

Mkazi wa John, mng'ono wake wa Manasseh, anali ndi pakati pake poyamba, potopa kale. Ankaona zonsezi ali pakhonde pake, dzanja lili pamimba.

Ndinamupanikiza Manasseh kuseli kwa nyumba.

"Iwe, ndiwe mwamuna kapena chitsa? Mwana wako akutha ukuona!"

"Ndichite bwanji, alongosi? Munda ndi wawo, nyumba ili pamalo pawo."

"Tenga njinga upite kuboma. Kumeneko kuli anthu ophunzila za ziweto. Mwina adada angamvele munthu wa jekete."

Anapitadi ku Lundazi, ndipo anabwela dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Ndamupeza mlangizi wa ziweto," anandiuza motsitsa mawu. "Akuti kubwela sangabwele, njinga yake yamoto ilibe mafuta. Mankhwala opaka m'maso nawonso anatha kalekale. Akuti tizitsegula chikope, tizichotsa zitsotso, tizitsuka ndi madzi owilitsa a mchele pang'ono, zodwala tizizipatula n'kuziika pamthunzi."

"Si zomwe anachita mkazi wako zimenezo? Nanga za mkaka wamuuza?"

"Anaseka mpaka kugwila tebulo. Atamva kuti pali mwana woyamwa, anasiya kuseka. Akuti tileke lelo lomwe."

"Ndiye kawauze adada."

Anapita. Ndinamuona akukhala pansi pafupi ndi mpando wawo, akukanda m'mutu, akuyamba ndi nkhani ya mtengo wa feteleza. Za mkaka anazitchula kumapeto, mawu ali m'mimba. Adada anangofunsa funso limodzi: "Munthu wakoyo, amene sanabwele n'komwe, wachilitsa nkhosa zingati kuno?" Manasseh anadzuka n'kukapopa njinga yomwe inali yopopa kale.

Tsiku la sikelo ndinamupelekeza Dainess kukachipatala kathu kakang'ono. Namwino anamupachika Danwell pasikelo, anayang'ana khadi, anamupachikanso kachiwili. Mzele wa pakhadi unali utaloza pansi.

"Amayi inu, mukumuyamwitsa mwanayu?" anafunsa mokweza, amayi onse pamzele akumva.

"Ndikumuyamwitsa."

"Bodza! Atsikana a masiku ano mukuopa kuti mabele agwa. Mukufuna kumupha?"

Dainess anangowelama. Amayi ena a kumudzi kwathu anali pomwepo, ndipo ankadziwa kumene mkaka ukupita, pakuti mbuzi za amuna awo zinali zitalawako. Palibe anatsegula pakamwa. Inenso, pepani, ndinangoti zii, chifukwa kutchula dzina la adada pagulu lotelo kukanandisowetsa kogona.

Pobwelela tinapuma pamthunzi wa msuku, ndipo ndinamuuza zimene zinali kukhosi kwanga.

"Alamu, thawani. Mawa lomwe, m'mamawa, belekani mwana muzipita kwanu."

"Kwathu n'kufupi ndi Lukusuzi, masiku awili apansi. Kumenekonso anthu akudya mizu."

"Ndimveleni ine. Ndinachoka ku ukwati manja ali lende, ana anga awili anatsala kwa atate awo, chifukwa ng'ombe zinapelekedwa ndipo onse anali atasiya bele. Mwambo wake mukuudziwa. Mwana woyamwa amapita ndi mayi ake, wosiya kuyamwa ndi wa pakhomo. Pitani mkaka ukadalipo."

Anamuyang'ana Danwell, amene ankayamwa ali m'tulo, timasaya titalowa.

"A Manasseh alonjeza kuti Lamulungu likapita zitha. Akuti alankhula ndi akulu a mpingo. Ndidikile Lamulungu, alamu. Ukwati wa chaka chimodzi, ndikafika kwathu ndikanena kuti chiyani?"

Lamulungu linafika n'kupita. Manasseh sanalankhule ndi munthu.

Lachiwili Dainess anadzuka akunjenjemela, thupi lili moto. Bele lakumanja, lija tinkalifinya kwambili, linali litatupa gwa, lofiila, losakhudzika. Ndinati tithamange naye kuchipatala, koma adada anaitanitsa azakhali a Faides, mlongo wawo, amene amaweluza nkhani zonse za amayi pabanja pathu. Azakhali analowa, anagwila, anapukusa mutu.

"Mkaka waola uwu. Mwana akayamwa, atsegula m'mimba mpaka kufa. Mumuchotse."

"Nanga bele linalo, azakhali?" ndinafunsa.

"Magazi ndi amodzi. Ukundiphunzitsa ine?"

Anamunyamula Danwell kupita naye kunyumba kwawo, tsidya la msewu, n'kumamumwetsa phala lamadzimadzi la chimanga chachikasu. Masiku asanu ndi limodzi Dainess anali gone pamphasa, ine ndikumuthowa ndi madzi ofunda. Mwana akalila tsidya lija, iye ankadzuka kufuna kukwawa, ine n'kumugoneka. Eni mbuzi ankabwelabe, n'kumabwelela ali okhumudwa, ena akufunsa kuti mkamwana achila liti.

Tsiku lachisanu ndi chiwili kutentha kunatsika. Dainess anatuluka panja akudzandila, ndipo chinthu choyamba kumva chinali mawu a adada pansi pa mango.

"Tryphena, ndamva kuti wadzuka. Umuuze kuti bele lakumanzele lija azakhali ako akuti ndi loipa kwa mwana, koma kwa nkhosa lilibe kanthu. Ziwili zatsala."

Ndisanayankhe, Dainess anandidutsa. Sanagwade. Anazungulila mpando, anakaima njo patsogolo pa adada, pamalo pomwe mkamwana sanaimepo chimangile mudzi uno. Anamasula bulauzi.

"Ndi awa, adada. Munagula ndi ng'ombe zinayi. Musavutike n'kutuma ana, kamani nokha!"

Mayo ine! Mkazi wa John anathawila m'nyumba. Manasseh anagwila kumutu. Adada anatseka maso ndi chipewa, anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo ali mkatimo anaitana John kuti akwele njinga akawauze a Lungu adzatenge mwana wawo. Mkamwana woonetsa mpongozi wake chifuwa, anatelo, sangamwenso madzi pakhomo pawo.

Patapita masiku atatu kunabwela a Mathew Lungu, mlongo wake wamkulu wa Dainess, munthu wowonda, wofatsa, tayala la njinga yake litamangidwa ndi mphila. Masiku atatu amenewo azakhali anakana kubweza mwana, akuti nkhani iyambe yakambidwa. Tinakhala pabwalo m'mawa, amuna pamipando, ife amayi pamphasa. A Mathew anamva zonse, ndipo anaomba m'manja mwaulemu.

"Yewo, adada. Mlongo wanga analakwa, sindikana. Koma munthu akafika pochita zotele, ndiye kuti wapanikizika. Mwanayu mkaka wake unkapita ku ziweto za mudzi wonse."

"Ndinamumenya?" anafunsa adada. "Ndinamumana chakudya chomwe ena ankadya? Pakhomo aliyense amapeleka chimene ali nacho. Manasseh amapeleka msana, Tryphena manja. Iye ndinamupempha kapu."

"Adada, diso la Kapitawo linachila chifukwa cha kamunga kaja," ndinalowelela ine. "Ndinakuonetsani ndi dzanja langali."

"Iwe ukwati unakukanika, ndiye ukufuna uweluze wa anzako? Khala chete."

A Mathew anayang'ana Manasseh, kudikila kuti mwina mwini mkazi anenapo kanthu. Manasseh ankajambula pansi ndi kamtengo.

"Chabwino," anatelo a Mathew. "Ndimutenga akapume, mitima ikazizila tidzakambilana. Mwana ndi wakhanda, apita ndi mayi ake."

"Woyamwa amapita ndi mayi ake," anayankha azakhali a Faides, Danwell ali pamiyendo pawo. "Uyu masiku khumi ali paphala. Anasiya."

"Sanasiye! Munachita kumulanda!" Dainess anakuwa.

"Mwambo sitikuphwanya ife," adada analankhula akuyang'ana kumbali. "Ngati akuyamwa, ayamwe tione. Akayamwa, mutengeni."

Azakhali anamupeleka mwana. Danwell atamva fungo la mayi ake anayamba kufunafuna ndi kukamwa, timanja tikugwila bulauzi. Dainess anafulatila amuna, anamuika kubele lakumanzele. Ine ndinkapemphela chamumtima, Ambuye, ngakhale madontho khumi okha. Mwana anakoka, anakoka, anasiya, anayambanso. Kenaka anaponya mutu kumbuyo n'kulila. Dainess anamusinthila kwina. Anakoka kawili, analavula, analila kwambili, akukankha chifuwa ndi timapazi.

"Dikilani," anatelo Dainess, "wangozolowela supuni. Dikilani pang'ono. Danwell, baba, yamwa. Yamwa, adada anga."

Azakhali anadzuka, analowa m'khitchini, anatuluka ndi kapu ija, n'kuiika pamphasa patsogolo pake.

"Finya tione."

Anafinya. Anafinya mpaka zala zinasiya zipsela, misozi ikugwela pamutu pa mwana. M'kapu simunagwe kanthu. Azakhali anaitenga, anaizondotsa kuti amuna aone, anaibwezela pansi.

A Mathew anavula chipewa, anachivalanso. Munthu mmodzi, mlendo, kwawo kulibe ng'ombe zinayi zobweza chifukwa ziwili zinafa ndi chilala, akanatani? Anangoti, "Tiye, mlongo wanga, dzuwa lingatikwelele."

Dainess sanapeleke mwana kwa azakhali. Anayenda ndi maondo mpaka pomwe ndinakhala, anamuika m'manja mwanga.

"Alamu, phala muzisefa ndi kansalu, gaga amamutsamwa. Akamalila muzimuika paphewa lakumanzele, ndi kumene anazolowela. Sikelo ndi pa fifitini."

Ndinkafuna kunena kuti pepani, ndine ndinati masiku atatu okha, koma ndinangomukumbatila Danwell. Dainess anamangilila kachikwama kake, anakwela pakaliyala, ndipo njinga inayamba kuyenda mokhotakhota mumchenga. Anali chicheukile mpaka pamsuku paja. Manasseh analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko.

Nthawi yomweyo John anatsegula khola, pakuti nkhosa zinachedwa kutuluka chifukwa cha mlandu. Kapitawo anatsogola, mchila ukugwedezeka, maso onse awili ali gwa. Anadutsa pafupi ndi mphasa, ananunkhiza kapu ija, n'kupitilila. Danwell anali atatopa n'kulila, akungoyamwa kolala ya delesi langa, wopepuka ngati mtolo wa zovala.

"Tryphena," adada anaitana.

"Adada."

"Kapuyo isamangokhala padothi. Uitsuke, uisunge pabwino. Mkazi wa John watsala mwezi umodzi, mwina adzakhala wamwamuna."

Ndinayang'ana kukhonde kwa John. Mtsikana uja anali ataima pamenepo, manja onse awili ali pachifuwa. Ndinamubeleka Danwell kumsana, ndinatola kapu, ndinakaitsuka.